Apongozi Alowa M'sewero Langa

Lolemba, 9 Juni

Ndakwiya. Ndilembe kaye zimenezo, zina zibwere pambuyo.

Sewero langa ndamaliza kulemba. Gulu lathu la zisudzo la ku tchalitchi lilichita Lamulungu likubwerali ikatha Misa, pa tsiku lopereka zokolola. Mutu wake ndi "Yohane Aima Nji." Yohane ndi munthu wa Folomu 4, wanzeru, wosauka, amene akuzunzika pa esiteti ya fodya ngati tenanti, anthu osamuwerengera. Pamapeto akuimirira n'kulankhula, onse n'kugwidwa manyazi. Sindinamutengere kwa munthu aliyense. Zangochitika kuti nayenso ndi wamtali ndipo amakonda kuwerenga.

M'mawa ndapita nalo kwa a Mbewe, aphunzitsi opuma aja amene amayang'anira gulu lathu. Ndimati agwira pakamwa. Awerenga akutafuna chinangwa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Atamaliza akuti: "Yohane ndamumva. Ndamumva mpaka makutu kuwawa. Nanga enawa ndi anthu kapena ndi mapesi oimika?"

Akuti atengambali aang'ono m'sewero langa ntchito yawo ndi imodzi, kuvomera. Andiwerengera mokweza, dala, akazi awo akumva:

Mkazi wa Yohane: "Zoona, bambo."
Kapitawo: "Wanenadi zoona mnyamatayu."
Mayi Wina: "Eetu."

Nanga akanati chiyani, poti Yohane akunenadi zoona?

Malangizo awo, amene sindinapemphe:
- munthu wa m'mbali naye akhale ndi chimene akufuna, chakechake, chosakhudza Yohane
- akhale ndi kalankhulidwe koti ungamudziwe utatsinzina
- manja ake azigwira kanthu, asamangoima ngati akudikira minibasi
- ndipite ndikaone anthu enieni

Anthu enieni! Ngati ine masiku onsewa ndimakhala pakati pa zitsa.

Koma sabata ino pali china choposa sewero. Dimba. Apongozi anga aakazi, aNaphiri, anena kudzera mwa mkazi wanga kuti tsiku lopereka zokolola likadutsa apereka dimba lawo la kudambo, lija la madzi osaphwa, kwa mkamwini mmodzi. Akamwini pamudzi pano tilipo awiri: ine, ndi a Zulu a ku Chipata, amuna a mlamu wanga wamng'ono. Ndikalipeza, chilimwe chino ndibzala tomato ndi kabichi, ana adya, ine ndigona pakhomo. Ndikalephera, ndibwerera ku esiteti kukasoka fodya wa eni.

Choncho sabata ino ndine mkamwini wabwino. Kulawirira, kuwaza nkhuni, kutseka pakamwa.

A Zulu ayamba kale. Dzulo akonza chitseko cha apongozi chimene sichinathyoke, akukhoma mokweza kuti mudzi wonse umve.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapita pa msika wa Kamwendo kukaona anthu enieni. Ndakhala pakhonde la golosale, pepala pabondo, cholembera m'manja.

Ndapeza awa:
- bambo wa kaunjika amene buluku lililonse amaliyeza pakhosi pake, ngakhale wogula ali ndi khosi lakelake
- kondakitala amene amakuitana "bwana" uli pansi, ukangokwera wasanduka "iwe, sendera"
- mayi wa usipa amene amaingitsa ntchentche ndi kanthambi, ndipo ntchentche zikachoka amaingitsa ogula

Ndikuyamba kusangalala. Kenaka ndikuona kuti anyamata a njinga, aja amanyamula matumba ophimba kulowera njira za kutchire za kumalire, aima onse ndipo akundiyang'ana. Mmodzi wabwera, wandipatsa moni waulemu kwambiri. "Akulu, cholembera chimenecho chibwerere m'thumba mwamtendere." Ndafotokoza kuti ndine mlembi wa masewero. Akuti chaka chatha kunabweranso mlembi wina, mawa lake matumba a anthu analandidwa. Mwini golosale wandipempha kuti ndikalembere kwina, ogula akuthawa.

Umu ndi mmene dziko lino limalandirira luso.

Panjira ndayesa kuwalowetsa anthu anga atatu m'sewero. Sakukwana. Kapitawo wa pa esiteti angayeze buluku pakhosi chifukwa chiyani? Ulendo wonse wapita pachabe, ndipo nsapato yang'ambika.

Masana. Ndakhala pakhonde panga, ndikukonza mawu a Yohane.

Kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana. Chikwatire pamudzi pano, nkhope ya aNaphiri sindinaionepo bwinobwino. Tikakumana panjira ndimapatukira m'udzu, kunyonyomala chopenya kumbali, moni n'kumaponyera kutchire. Ndimawadziwa zidendene, duku ndi mawu. Iwonso saloledwa kundilankhula maso ndi maso. Ndiye anapeza njira yawo. Amalankhula ndi nkhuku.

Lero atuluka ndi lichero la madeya, aima pakati pa bwalo.

"Iwe yofiira iwe. Anzako anapita kalekale kukapalasa, iwe wangokhala pakhonde ukukanda pansi. Ukukanda chiyani? Anapiye ako adya zokandazo?"

Nkhuku yofiirayo panthawiyi ili kuseri kwa nkhokwe. Pakhonde pali ine.

Atsonya, alowa m'nyumba. Kuyankha sindingathe. Dzanja lokha ndilo layankha: ndafufuta "Eetu" wa Mayi Wina, ndamupatsa lichero ndi nkhuku, ndalemba mawu aja mmene atulukira, osachotsa osaonjezera.

Ndayang'ananso malangizo a a Mbewe. Chimene akufuna chilipo. Kalankhulidwe kalipo. Manja akugwira kanthu. Zonse zakwana, popanda kung'amba nsapato.

Ndi timawu tochepa. Akulowa, akunena, akutuluka, Yohane akupitiriza. Palibe angazindikire.

Lachitatu, 11 Juni

Kuyeserera, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Yohane ndi Kalebe wa kabaza, poti ali ndi mawu aakulu. Mayi Wina ndi Esinati wogulitsa mandasi, amene ndinamupatsa mbaliyi chifukwa "Eetu" sakanamuvuta. Nkhuku ndi chitenje chokulunga.

Kalebe wayamba bwino. Wafotokoza za thukuta la tenanti, za dzuwa, za chilungamo. Ine misozi yalengeza m'maso. Ena onse akusenda nzimbe.

Esinati walowa ndi lichero. Wayang'ana chitenje, osayang'ana Yohane ngakhale pang'ono. "Iwe yofiira iwe."

Sanafike n'kumapeto komwe. Anthu ali pansi. Mnyamata amene akuchita Kapitawo watsamwa ndi nzimbe, tachita kumumenya pamsana. A Mbewe avula magalasi, akupukuta misozi ndi taye.

"Uyu ndiye munthu," akutero a Mbewe. "Mwamutenga kuti?"

Ndati m'mutu.

Esinati wandiyang'ana nthawi yaitali. "Mawu awa ndinawamvapo penapake." Ndati anthu okalamba onse amalankhula mofanana. Wamwetulira. Kumwetulira kwa Esinati sindikukukonda.

Tapitiriza. Yohane wafika pa mawu ake aakulu a pamapeto, amene ndinawalemba mwezi wathunthu, amene muli mawu oti "ufulu" m'malo oyenera. Ali pakati, mtsikana wina wa kwaya wafunsa mokweza kuti mayi wa nkhuku uja abweranso nthawi yanji.

Sabweranso. Mbali yake yatha. Ndi wa m'mbali.

A Mbewe akuti abwerenso. Gulu lonse likuti abwerenso. Kalebe, Yohane mwiniwake, nayenso akuti abwerenso, akuti apezeko mpata wopuma.

Zimene zandipsetsa mtima lero:
- Esinati waomberedwa m'manja chifukwa cha mawu amene si ake
- ine sindinaomberedwe chifukwa cha mawu amene si anganso
- mwini mawu ali kunyumba akupeta, ndipo dimba lili m'manja mwake

Ndabwerera kudzera kudambo. Madzi ali nde m'zitsime za dimba lija. Nthaka yakuda, yofewa. Ndaima pang'ono, ndayeza ndi maso poika nazale. Ndapeza mapazi a munthu pamenepo. A Zulu nawo anayezapo.

Lachinayi, 12 Juni

M'mawa ndikuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba, monga mkamwini wabwino. Ndikumva "odi" wodziwika. Esinati. Akuti wabwera kudzagula mazira.

Pa Ludzi ponse, dera lathu lonseli, mazira atha?

Apongozi amuyalira mphasa. Wakhala. Mazira walandira kalekale koma sakunyamuka. Akufunsa za mwendo wawo, za mitengo ya feteleza, za maliro a chaka chatha. Ndikusuzumira pampata wa mpanda: maso ake sali pankhope pawo, ali pamanja, pachiuno, pa mmene amakokera duku akafuna kunena chinthu chowawa.

Ndipo ine sindingapite kukamuchotsa. Pamene pakhala apongozi, mkamwini safikapo. Mkazi wanga ali kuchigayo. Ndatsokomola. Ndatsokomolanso. Ndamenya nkhwangwa pamwala.

"Yofiira," akutero apongozi, "chifuwa chimenecho ukachize. Ndiponso nkhwangwa si yako."

Esinati milomo ikuyenda. Akuloweza.

Madzulo, kuyeserera. Mayi Wina tsopano akuyenda chotsimphina pang'ono mwendo wamanzere, dzanja lili kumsana. Akutsonya kaye asanalankhule. Akukoka duku. Nditatsinzina ndapezeka ndayamba kupatukira m'udzu.

Ndaimitsa zonse. Ndine mlembi, ndili ndi mphamvu. Ndalamula izi:
- mayiyo akhale wa ku Ntcheu
- akhale wonenepa, timuike pilo
- nkhuku isanduke mbuzi
- kutsimphina kuchoke

Zakanidwa zonse. Akuti wa ku Ntcheu angadzatani kuno. Pilo palibe wobwereketsa. Esinati akuti mbuzi siikhala pakhonde n'kumakanda pansi, ndipo nzoona, ndi chifukwa chake zandinyansa. Za kutsimphina akuti mwendo wake wazolowera.

A Mbewe anditengera pambali. "Musamukhudze. Wayamba kupuma yekha. Alembi ambiri amafa asanalembe munthu wotere."

Ine ndifa nditamulemba.

Kuti mayiyo apeze malo, a Mbewe adula mawu a Yohane ndi cholembera chofiira, chomwe chija ankachongera nacho mayeso. Za thukuta zapita. Za dzuwa zapita. Akuti dzuwa aliyense amalidziwa.

Pobwerera ndakumana ndi a Zulu pa njinga yawo yamoto. Aima, injini osazimitsa, mano onse panja.

"Mudala, namvela ati kuli sewelo ya nkuku pa Sande. Tizabwela bonse."

Bonse. Ndi apongozi omwe. Ndawamva bwino.

Lachisanu, 13 Juni

Ndaganiza zomupha.

Ndadzuka ndi mtima woyera, ndalemba gawo latsopano. Mayi Wina adwala malungo kumayambiriro kwenikweni, amwalira asanatsegule pakamwa. Yohane alankhula pamaliro. Motero mayiyo wachoka mwaulemu, Yohane wapeza malo ena olankhulira, dimba lapulumuka. Sukulu sinapite pachabe.

Gulu lavomera msanga. Ndinayenera kukayikira pomwepo.

Esinati wagona pamphasa. Malinga ndi pepala, ayenera kupuma kamodzi n'kutha. Iye wadzutsa mutu.

"Yofiira, sendera kuno. Ndikapita, malata anga usagulitse. Ndikukudziwa."

Wagonanso. Akazi ayamba kulira maliro. Wadzutsanso mutu.

"Ndipo pamaliro panga usalankhule. Anthu ali ndi minda."

Anthu aseka kuposa Lachitatu. Wafa, wadzuka, wafa, wadzuka. Pomaliza wakhala tsonga, wapempha phala, akuti wachira, sangasiyire ana ake nkhuku yotere. A Mbewe akuti gawo limeneli likhale momwemo, ndipo andiyamikira chifukwa cholilemba. Sindinalilembe! Ine ndinalemba maliro.

Sizinathere pomwepo. Kalebe wabwera akukanda m'mutu. Akuti pa siteji ya kabaza anzake amva za sewero, ndipo palibe akufunsa za Yohane. Akuti chitenje chokulunga sichikuchita bwino mbali ya nkhuku. Iye atafunda chitenje chofiira n'kunyonyomala, angaitenge bwino. Watisonyeza. Wapendeketsa mutu, wayang'ana Esinati ndi diso limodzi, wapalasa fumbi ndi phazi.

Ndivomere, ndi nkhuku yabwino. Munthu wasiya kukhala mtengambali wamkulu kuti akhale nkhuku, ndipo akuoneka ngati wakwezedwa pantchito.

Yohane wasowa mwini. Ndafunsa Kapitawo, wakana. Ndafunsa anyamata a kwaya, akuti mawu ndi ambiri ndipo saseketsa. A Mbewe akuti: "Amene amamudziwa bwino Yohane ndinu. Mawu ake muli nawo pamtima. Muchite nokha."

Kutanthauza kuti Lamulungu, pamaso pa mpingo wonse, mayi wotsimphina mwendo wamanzere azilalatira nkhuku yofiira, ndipo pakhonde la m'sewero pazikhala munthu wamtali ali ndi pepala pabondo. Ine.

Ndayenda ndekha kubwerera. Ndimafuna kupeza cholakwa mwa mayiyu kuti mtima ukhale pansi. Sindinachipeze. Iye akufuna kuti ana adye, ndipo sanena poyera, amazungulira kudzera ku nkhuku, ndiye womvera amachita kumutsatira. Yohane akufuna kuti anthu amuombere m'manja, ndipo amanena zonse, mpaka zimene sanafunsidwe. Izi ndaziona ndekha. A Mbewe asadzamve kuti ndaziona.

Loweruka, 14 Juni

Ndamuuza mkazi wanga. Ndinalibe kothawira.

Anali kuchapa. Wasiya. "Mwati amayi anga?" Ndati si iwo kwenikweni, ndi munthu wongopeka amene wafanana nawo mwendo. Wati ndimuuze mawu ake. Ndanena za malata zija. Wakhala pansi pamwala, thovu lili m'manja, waseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka wapukuta maso, nkhope yauma.

"Dimba liiwaleni, bambo a Tadala. Mufunse ngati ku esiteti akulembabe."

Ndathamangira kwa a Mbewe kukalanda sewero langa. Ndati ndalichotsa, mlembi wakaniza. Akuti akatekisiti analengeza kale, mabenchi akonzedwa, anthu a m'midzi ya kutali amva. Ndati mapepala ndi anga. Andipatsa onse, mosavuta. Akuti Esinati sawafunanso, ndipo nkhuku siiwerenga.

"Sewero likafika apa si lanunso," akutero. Akunena ngati nkhani yabwino.

Njira zoti apongozi asapite ku tchalitchi mawa:
- mwendo wawo uwawe (umawawa sabata iliyonse, lero okha akuyenda ngati mtsikana)
- mvula igwe (mu Juni)
- mkazi wanga awauze kuti mwambo wasinthidwa (wakana, akuti sanganamize mayi ake, ndiponso iye akufuna kukaonera)
- ndidwale ine (sewero lichitikabe, Yohane akuti angathe kumudumpha)

Chomalizachi chandipweteka kuposa zonse.

Masana a Zulu atsuka njinga yawo yamoto pakati pa bwalo, mpaka masipoko. Auza akazi awo mokweza kuti amayi asavutike kuyenda, mnyamata wawo wa ntchito awanyamula, iwo eni ake atsatira wapansi, poti mkamwini sanganyamule apongozi. Munthu amene chibwerere kuno sanalolepo wina kukhudza njinga imeneyo.

Apongozi ayanika chitenje chawo cha chigwirizano cha amayi pachingwe. Asita duku.

Dzuwa likupendeka. Ndili pakhonde, manja ali chete, ndikuyesa kuoneka ngati munthu amene sanalembepo kanthu chibadwire. Atuluka ndi lichero. Amwaza madeya. Akung'untha lichero, ine ndayamba kukhulupirira kuti za sewero sanamve.

"Yofiira, akuti mawa uli ndi ntchito ku tchalitchi. Usambe."

Alowa m'nyumba. Sanatsonye n'komwe.

Lamulungu, 15 Juni

Zatha. Ndilembe mwadongosolo, ukali wandithera.

Misa yatha, matumba a chimanga ndi mtedza aunjikidwa kutsogolo, mabenchi atulutsidwa panja. Anthu adzaza mpaka ana kukwera mumtengo. Ndatuluka kuseri kwa nsalu ndi pepala langa, ndakweza mutu kuti ndiyambe. Pa benchi yoyamba, pakati penipeni, pali zidendene zimene ndimazidziwa.

Apa ndi pamene ndaona chimene tonse, ndi a Mbewe omwe, sitinachiganizire sabata yonse. Wochita sewero amayang'ana anthu. Mkamwini sayang'ana apongozi.

Thupi lasankha lokha. Ndapezeka ndatembenuka, ndanyonyomala, nkhope yaloza kukhoma la tchalitchi. Ndayesa kudzuka, mwambo wakana. Yohane Aima Nji wachita sewero lonse chonyonyomala, akuuza njerwa za chilungamo. Anthu ayesa kuti ndi mmene ndinalembera. Aseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Bambo wina kumbuyo akuti: "Mkamwini weniweni ameneyo."

Esinati sindinamuone, ndimangomumva. Akuti Kalebe anachita kuikira dzira. Pamene mayi wa m'sewero anatsonya, kwamveka kutsonya kwina kuchokera pa benchi yoyamba, kofanana ndendende, ndipo anthu aphulika ndi kuseka, phokoso lake mbalame zathawa mumtengo.

Mawu anga aakulu a pamapeto ndawanena onse, osadumpha. Khoma lamva.

Ndafunsa mkazi wanga ngati mayi ake anaseka. Akuti ayi. Akuti anangopenyetsetsa ngati munthu amene akuonerera wina akulima m'munda mwake.

Ndabwerera ndekha njira yakutchire. Ndafika, ndatulutsa chikwama changa cha ku esiteti, ndayamba kuchikung'untha fumbi.

Masana ndikumva mapazi, limodzi lokoka. Sakupita pakati pa bwalo. Akubwera pakhonde panga. Ndadzuka kuti ndithawire kuseri, mkazi wanga wandigwira malaya. Pambuyo pawo pali azakhali ake a mkazi wanga ndi amayi ena awiri. Apongozi aika nkhuku yofiira, yomanga miyendo, pamapazi anga.

Mkazi wanga akundinong'oneza kuti ndilandire ndi manja awiri. Akuti apongozi akapereka chinthu kwa mkamwini pamaso pa mboni, manyazi atha, kuyambira pamenepo amalankhulana. Kukana sikuloledwa.

Ndalandira. Nkhuku yandijompha.

"Bambo a Tadala, ndiyang'aneni."

Ndayang'ana. Ndi munthu wochepa thupi. Ine m'mutu ndinkawaona ngati chimphona. Ali ndi kachipsera pachibwano, ndipo maso awo ndi omwe aja a mkazi wanga akandipeza ndikunama.

"Mwandinena pagulu. Ndiye tibisalirananso chiyani? Zimene ndinkauza nkhuku ndizikuuzani nokha."

Ndayamba kupepesa. Akweza dzanja.

"Dimba mulima ndinu. A Zulu ndakhala ndikuwanena kudzera kwa galu chibwerere, sanamvepo ndi limodzi lomwe, amangoseka. Inu mumamva. Mumasunga ndi kusunga. Munthu wakumva ndiye ndingalime naye."

Naye. Ndafunsa, mwaulemu, tanthauzo lake. Akuti mbali ya kumtunda akhala akulima okha, ine kumunsi, pakati palibe mpanda. Chilimwe chonse.

Sanachoke. Aitanitsa mpando. Akhala mpaka dzuwa kufiira, ndipo tamalizako nkhani izi:
- denga langa
- kagwiridwe kanga ka khasu
- mmene ndinaperekera moni tsiku la chinkhoswe
- Esinati, amene akuti anatsimphina mopitiriza, iwo satsimphina choncho
- Yohane, amene akuti ndi munthu wabwino koma akanapeza ntchito

Ndimati "zoona, amayi." Nthawi zina "eetu." Palibe china chimene chimabwera.

A Zulu sanayatse njinga lero. A Mbewe atumiza uthenga kuti pa Khirisimasi akufuna sewero lina, la mayiyo yekha, ndipo ngati ndikufuna mwamuna wamtali uja akhalemo, angathe kumanyamula lichero.

Chikwama ndabwezera pansi pa bedi. Ku esiteti sindipita. Ndiyenera kukondwa, ndipo mwina mawa ndikondwa.

Tinyamuka m'mamawa kukatchetcha udzu. Apongozi akuti cholembera ndisiye, manja onse awiri akufunika. Zimene anene sindingaziiwale, poti azibwereza.